Mtengo Aunenerera Ntchito Isanayambe

Palibe munthu wokulira mu Lusaka amene angayese kunenerera mtengo tchimo, pakuti kuyambira ku Soweto Market kumene mabokosi a tomato ndi matumba a anyezi amatsitsidwa m'malole m'bandakucha, kupyola m'masitolo a ku Kamwala, kufikira pa Katondo Street pamene anyamata amagulitsa mafoni ali chiimirire, munthu wolipira mtengo woyamba umene wauzidwa amayesedwa mlendo, kapena mwana wa mfumu amene sadziwa kuwawa kwa ndalama. Kunenerera ndi mwambo wolemekezeka, ndipo kuli ndi malamulo ake amene sadalembedwe paliponse koma aliyense amawadziwa: wogulitsa atchula mtengo, wogula adandaula, wogulitsa achotsako pang'ono, wogula achita ngati akuchoka, ndipo potsiriza awiriwo amvana, mwina ndi mbasela pamwamba, nasiyana akuseka. Mwambo umenewu ndilibe nawo mlandu. Chimene chandichititsa kutenga cholembera ndi khalidwe lina limene labisala m'dzina la mwambowu, ndilo lonenerera invoisi ntchito itatha kale. Ndipo amene khalidweli likuwapweteka koposa mumzinda muno ndi achinyamata odziwa za makompyuta amene amagwira ntchito paokha, osalembedwa ndi kampani iliyonse.

Anthu amenewa tonse timawadziwa, ngakhale sitiwawerengera. Ena adaphunzira ku University of Zambia, ena ku Copperbelt University kapena ku Evelyn Hone College, ena adanoledwa pakati pa anzawo ku BongoHive, malo osonkhanako okonda za luso lamakono amene adayamba mu 2011, ndipo ena adadziphunzitsa okha usiku pa intaneti yogula ndi ndalama za chakudya. M'mawa mudzawaona atabereka chikwama cha laputopu, akukwera minibasi ku Chelstone kutsika ndi Great East Road kulowa m'tauni. Masana ali pansi pa tebulo mu ofesi ya maloya ku Woodlands akulondola mawaya a netiweki. Madzulo ali m'kachipatala ka ku Kabulonga kapena m'sitolo ya pa Cairo Road, akuukitsa makina amene mwini wake adawataya kale mtima. Alibe malipiro a pamwezi, alibe tchuthi cholipidwa, alibe bwana wowaponyerako gawo lake la penshoni ku NAPSA, ndipo akadwala palibe wowalembera tsiku. Kapepala kamene amatumiza ntchito ikatha ndiko malipiro awo onse, ndiko lendi ya nyumba, ndiko fizi ya mng'ono wawo kusukulu. Chotero munthu wodula kapepalako pakati ayenera kudziwa chimene akudula.

Tiyerekeze tsiku la 9 la mwezi, m'kaofesi kena ka kampani yonyamula katundu, pamene mawa lake, pa 10, ndilo tsiku lotsiriza lopereka msonkho wa antchito ku Zambia Revenue Authority (ZRA) pamodzi ndi ndalama za ku NAPSA. Magetsi amene adazima m'mawa abwera mwamphamvu, ndipo kompyuta ya wowerengera ndalama, momwe muli mayina ndi malipiro a antchito onse, yangothima osayakanso. Mwini kampani aimbira foni mnyamata wodziwa za makompyuta dzuwa litalowa, mawu ake ali ofewa ngati a kholo: "Mwana wanga, chonde fikani msanga, tili pamoto kuno, za ndalama musade nazo nkhawa, tidzamvana." Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mnyamatayo asiya nsima pambale, alipira galimoto yahayala, atchula mtengo wake asanakhudze chilichonse, ndipo mwini kampaniyo avomera ndi mutu, maso ali pa kompyuta yakufayo. Pofika pakati pa usiku mafailo apulumuka, disiki yatsopano yalowa, ndipo m'mawa msonkho uperekedwa nthawi yake. Invoisi itumizidwa. Papita masabata angapo kuli zii, ndipo tsiku limene foni idzayankhidwa, mawu aja asanduka ena: "Koma achimwene, ndalama zonsezi? Si munangodinadina mabatani maola ochepa chabe? Mwana wa mlongo wanga amene ali ku koleji akadachita zimenezi ulere. Chotsaniko theka, pajatu ntchito zambiri zikubwera kutsogoloku."

Kuti tione bwino chimene chalakwika apa, tiyeni tipite pa Burma Road, ku Kabwata Cultural Village, kumene kudatsala nyumba zozungulira zofolera ndi udzu zimene boma la atsamunda lidamangira antchito achikuda m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, zimene zambiri zidagumulidwa pambuyo pake, ndipo zotsalazo zidapatulidwa mu 1974 kuti zikhale malo a amisiri osema ndi oluka. Kumeneko kunenerera kumachitika tsiku lililonse, ndipo palibe wokwiya nako. Koma taonani chimene chimasunga chilungamo pamalondapo: nthawi yonse imene awiriwo akukangana, mvuu yosemedwayo ikadali m'manja mwa mmisiri, ndi ndalama zikadali m'thumba la wogula. Wogula akatchula mtengo wonyoza, mmisiri abwezera mvuu yake pamkeka nadikira wina. Mmisiri akaumirira mtengo wokwera, wogula apita pakhomo lotsatira. Aliyense ali ndi ufulu wokana, ndipo ufulu umenewo ndiwo umasandutsa mkangano kukhala malonda. Katswiri wa makompyuta amene wamaliza ntchito alibenso choti abwezere pamkeka. Mafailo adapulumuka kale, msonkho udaperekedwa, usiku wake udapita ndipo sudzabweranso. Mbali imodzi yagwira katundu ndi ndalama zomwe, inayo yatsala ndi kapepala.

Chifukwa chake ndikunena mosapsatira kuti kutsitsa mtengo nthawi imeneyo sikunenerera ayi, koma kuswa pangano, ndi kudyera munthu masuku pamutu podziwa kuti alibe kolowera. Nkhani imeneyi si ya lero. Chilamulo cha Mose, m'buku la Levitiko ndi la Deuteronomo, chidaletsa kugoneka malipiro a waganyu, pozindikira kuti wolemba ntchito angathe kudikira koma wolembedwayo mtima wake uli pa ndalama ya tsikulo. Ndipo m'fanizo lija la antchito a m'munda wa mpesa, chimene chidathetsa mkangano wa madzulo ndi mtengo umene adapangana m'mawa. Ngati pangano la m'mawa limanga wantchito kuti asapemphe zoposa, limanganso mwini munda kuti asapereke zochepa. Makolo athu, atamva nkhani za m'Buku Lopatulika, adazipinda m'mwambi wakuti lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, kutanthauza kuti mawu otuluka pakamwa pa munthu wamkulu ali ndi kulemera kwake, ngakhale atamuwawa pambuyo pake. Ife amene timadzaza matchalitchi a mumzinda muno Lamulungu lililonse sitiyenera kuphunzitsidwanso zimenezi Lolemba.

Koma adzati ena: nanga si zoona kuti munthuyo adangokhala pampando maola ochepa? Apa pali muzu wa vuto lonse, pakuti ife tidazolowera kuyesa ntchito ndi thukuta, ndipo chimene sichituluka thukuta timachiyesa masewera. Munthu amene wapeza vuto m'maola awiri walipeza msanga chifukwa adatha zaka akulakwitsa ndi kukonza pa makina ena, adalipira sukulu, ndipo mwina adalemba mayeso a Cisco kapena a Microsoft amene mtengo wake umawerengedwa m'madola. Wosadziwa akadakhala masiku atatu, nafufutiratu mafailo amene akadapulumuka. Kodi ameneyo ndiye woyenera malipiro ochuluka chifukwa wachedwa? Tikamalanga munthu chifukwa cha changu chake, tikuphunzitsa amisiri athu kuzengereza dala kuti aoneke otanganidwa. Komanso tisaiwale kuti munthu amene tamutsekulira kompyuta ya ofesi tamuonetsa zam'kati mwa nyumba yathu: malipiro a antchito, mbiri za odwala, makalata a milandu, zinthu zimene lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021 limafuna kuti zisungidwe mosamala. Gawo lina la mtengo wake ndi la kukhulupirika kumeneko, ndipo kukhulupirika sikuyesedwa ndi wotchi.

Tsono tiyeni tiwerengere pamodzi, pakuti ambiri odandaula ndi invoisi amayesa kuti nambala yolembedwa pansi ndiyo imalowa m'thumba la mnyamatayo. Tinene kuti walemba K10,000. Ngati kasitomala wake ndi kampani yotsata malamulo, idzayamba yadulapo 15 peresenti, msonkho umene lamulo limati uchotsedwe pa malipiro a alangizi usanafike m'manja mwawo, ndiye kuti K1,500 yapita ku ZRA, ndipo mwini wake adzaiwerengera pa msonkho wake pokhapokha atapatsidwa chikalata chotsimikiza kuti idaperekedwa. Pa K8,500 yotsalayo muchotsepo mtengo wa disiki imene adagula ndi ndalama zake, wa galimoto, wa intaneti, ndi wa masiku amene adakhala wopanda ntchito. Zipangizo zonse za ntchito yake zimachokera kunja ndipo zimatsata dola. Pamene Kwacha idachotsedwa maziro atatu mu Januwale 2013, dola imodzi inkagulidwa ndi K5 ndi pang'ono, koma pofika kumapeto kwa 2024 idali itapyola K27. M'chaka chomwecho cha 2024, chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema adachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale chidaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi nayamba kuzima pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo aliyense wodya za kompyuta adakakamizika kugula mabatire ndi sola kapena kusiya ntchito. Pa ndalama yotsala pambuyo pa zonsezi ndi pamene kasitomala akuti pachotsedwe theka.

Chimene chimandimvetsa chisoni koposa ndi kuona amene timawasankha kuti tiwanenerere. Bwana yemweyo amene akukana invoisi ya mwana wa ku Kabwata amagula mayunitsi a magetsi a ZESCO osatsutsa, amalipira pa kauntala ya Shoprite mtengo wolembedwa pashelefu, amalipira laisensi ya Microsoft mwezi ndi mwezi khadi lake likudulidwa iye ali m'tulo, ndipo chiyambire pamene intaneti ya Starlink idafika m'dziko muno mu 2023, sindidamvepo munthu akuipempha kuti ichotseko pang'ono chifukwa malonda sakuyenda. Onsewo salipidwa chifukwa chokondedwa, koma chifukwa ukapanda kulipira amadula osakufunsa. Wonenereredwa ndi uyo amene ali ndi nkhope, amene amatipatsa moni mwaulemu, amene timadziwa kuti achita manyazi kukangana ndi munthu wamsinkhu wa makolo ake. Ulemu umene tidaphunzitsa ana athu tausandutsa chingwe chowamangira. Ndipo kampani ya ku Johannesburg ikatumiza munthu wake kudzachita ntchito yomweyo, invoisi yake, ngakhale ikhale yowirikiza kangapo, imasainidwa msanga, ngati kuti nzeru zimalemera zikakwera ndege. M'mzinda umene nyumba zija za ku Kabwata zikadali chiimire kutikumbutsa nthawi imene mtengo wa munthu wakuda unkaikidwa ndi ena iye ali chete, khalidwe lotere liyenera kutichititsa manyazi.

Sindikunena kuti eni malonda onse ndi ouma mtima, kapena kuti akatswiri onse ndi angelo. Alipo amalonda amene nawonso akudikira ndalama zawo kwa amene adawagulitsa katundu pangongole miyezi yambiri yapitayo, ndipo kubwereka kubanki kuli ndi chiwongoladzanja choopsa. Munthu wotere akamapempha kuti amuchotsereko, nthawi zina ndi kulira kwenikweni. Aliponso akatswiri amene adaipitsa dzina la anzawo: wotchula mtengo poyang'ana galimoto imene kasitomala wabwera nayo, wolemba mzere umodzi wokha wosamveka pa invoisi ya ndalama zambiri, wosintha chipangizo chimene chidalibe vuto, ndi wosunga mawu achinsinsi a makina a mwini wake kuti aziitanidwa mwezi uliwonse. Munthu amene sadziwa zam'kati mwa kompyuta alibe njira yoyesera ngati wanamizidwa, ndipo amene adapsapo kamodzi amanenerera pofuna kudziteteza. Mantha amenewa ndi omveka. Koma mankhwala ake ndi kufunsa mafunso ntchito isanayambe, kupempha makotesheni kwa anthu awiri kapena atatu, ndi kunena poyera kuti ndalama zimene zilipo ndi zakutizakuti. Ndipo amene wapanikizikadi apemphe kulipira pang'onopang'ono, pakuti kupempha nthawi ndi kuvomera ngongole, pamene kudula mtengo ndi kuikana.

Kwa inu achinyamata a ntchito imeneyi, uphungu wanga ndi wakuti mubweze kunenerera pamalo pake, ndipo malo ake ndi pa kotesheni. Musakhudze makina a munthu musanalembe chimene mudzachita, chimene simudzachita, mtengo wake, ndi tsiku lolipira. Ngakhale pa ntchito yadzidzidzi ya usiku, uthenga wa mizere itatu pa WhatsApp umene kasitomala wauyankha kuti wavomera uli ndi mphamvu kuposa kugwedeza mutu. Pamenepo mulekeni anenerere mpaka akhute, pakuti muli ndi ufulu wonyamula chikwama chanu ndi kupita. Akapempha kuti mtengo utsike, musatsitse mtengo wokha ntchito ili yomweyo, chifukwa potero mwamuuza kuti mtengo woyambawo udali wabodza. Koma chotsaniko gawo la ntchito, munene kuti pa ndalama zimenezo mulumikiza makompyuta asanu m'malo mwa khumi, kapena kuti kubwera kudzaona makina mwezi wamawa kudzakhala ndi mtengo wake. Zipangizo zogula zilipiridwe zisanagulidwe, ndipo pa ntchito yaikulu landiraniko gawo poyamba, pa Airtel Money kapena MTN MoMo ngati kubanki kuchedwa, pakuti fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ntchito ikamakula pakati pa njira ndi mawu aja akuti "poti mwabwera kale, taonaniponso pulinta iyi," imani, mutchule mtengo wa chowonjezeracho nthawi yomweyo, mwaulemu koma momveka.

Invoisi yanu ikhale yoti munthu wosadziwa za makompyuta aiwerenge naimva: tsiku, chimene chidawonongeka, chimene mudachita, zipangizo ndi malisiti ake, ndi nambala ya kotesheni imene adavomera. Lembetsani dzina la bizinesi yanu ku PACRA, mukhale ndi nambala yanu ya msonkho ya TPIN, ndipo mulowe m'bungwe la akatswiri a ntchito imeneyi la ICTAZ, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018. Pakuti munthu wooneka ngati wangodutsa amalipidwa ngati wangodutsa. Ngakhale boma lenilenilo lavomereza kuti invoisi si mawu oyambira mkangano: chiyambire 2024, olembetsa msonkho wa VAT amatulutsa ma invoisi awo kudzera mu Smart Invoice, njira imene imadziwitsa ZRA za malondawo, kotero kuti kusintha nambala pambuyo pake kumafuna chikalata china chofotokoza. Ngati mufuna kuchitira chifundo kasitomala wokhulupirika, chitani, ndipo mulembe pa invoisi mtengo wonse ndi chimene mwachotsapo, kuti adziwe kuti walandira mphatso. Pakuti mbasela amapereka ndi wogulitsa mwa kufuna kwake, wogula sadzitapira yekha.

Nanga akakanitsitsa? Pano pali yesero lalikulu, chifukwa munthu amene adamanga netiweki amadziwanso poizimitsira, ndipo mtima wopwetekedwa umanong'oneza kuti asinthe mawu achinsinsi, atseke webusaiti, kapena abise mafailo kufikira ndalama zitatuluka. Musatero. Malamulo a dziko lino a milandu ya pa makompyuta, amene adakhazikitsidwa mu 2021 nalembedwanso mwatsopano mu 2025, salola munthu kulowa kapena kusokoneza makina a wina popanda chilolezo, ndipo amene adali wodandaula angathe kudzuka ali woimbidwa mlandu. Kuwonjezera apo, mbiri yotere imayenda msanga kuposa minibasi, ndipo palibe ofesi imene idzamutsekulirenso chitseko. Njira yoongoka ndiyo kulemba kalata yokumbutsa ngongole ndi tsiku lotsiriza, kuleka kulandira ntchito zatsopano kwa munthuyo, ndipo zikakanika kupita ku Small Claims Court, bwalo la milandu ya ndalama zochepa limene lili mu Lusaka muno, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Kumeneko kotesheni ija ndi uthenga uja wovomera zidzakuyankhulirani. Ndipo inu nokhanokha musadyane: amene amva kuti mnzake wakanizidwa malipiro nathamangira kukagwira ntchito yomweyo pa theka la mtengo, akukumba dzenje limene adzagweramo yekha chaka chamawa. Mutu umodzi susenza denga. Uzanani mitengo yoyenera, ndipo chenjezanani za makhomo amene salipira.

Kwa inu eni masitolo, maofesi, masukulu ndi zipatala za mumzinda uno, mawu anga otsiriza ndi a phindu lanu lomwe. Ntchito ya makompyuta siili ngati ntchito zina zomangika pamalo amodzi. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Chelstone amene ali ndi laputopu ndi intaneti angathe kugwirira ntchito kampani ya ku London kapena ku Nairobi ali m'chipinda chake, nalipidwa m'madola tsiku limene adapangana. Aliyense amene mumutopetsa ndi kudula invoisi mukumukankhira kumeneko, ndipo oyamba kupita ndi aluso koposa, chifukwa ndiwo ali ndi kopita. Otsala adzaphunzira kukweza mtengo dala kuti mukadula afike pamene amafuna, ndipo pamenepo woona mtima ndi wonyenga sadzasiyanikanso. Nenererani, inde, nenererani mwamphamvu monga ana a Lusaka, funsani chifukwa cha ngwee iliyonse, yerekezani mitengo, kanani ngati simukhutira. Koma chitani zonsezi munthuyo asanatsekule chikwama chake. Mukavomera, ntchito nigwiridwa monga mudapangana, lipirani zonse, ndipo lipirani pa tsiku lake.